Ng'ombe ya Modesta Inasiya Kubzikula

Dzuwa linali litapendeka pamene Modesta anatula mtolo wa nsenjere pakhola, msana uli wowawa ngati wamenyedwa. Anaiduladula ndi chikwanje, anasakaniza ndi masangwi a mtedza, pamwamba n'kuwaza madeya ndi kamchere monga amaphunzitsira alangizi. Ng'ombe yake yamkaka inadya zonse mpaka kunyambita modyeramo. Koma pokama, mkaka sunadzaze ndi kapu ya tiyi yomwe.

Ng'ombe ikakhuta imagona pansi n'kuyamba kubzikula, kubweza chakudya kukamwa n'kumachitafunanso mwaulesi, ndipo mkaka umachokera pamenepo. Ya Modesta inali itasiya zimenezo. Inkangoima, nthiti zili pamtunda, maso kuloza kunyumba ya mbuye wake.

M'mudzi umenewu, chakumadzulo kwa Nsaru, sinali yoyamba. Ya a Gabriel inayamba chimodzimodzi, kudya osakhuta mpaka kugwa. Inatsatira ya mayi a Bridget. Atazitumbula anapeza zifu zili mbee ngati zotsukidwa, chonsecho zinafa udzu uli kukamwa. Pamjigo amayi ankanong'onezana kuti kukamada kumamveka kukukuta kwa mano pakati pa nyumba, kutali ndi makola, ndiponso fungo la udzu wotafunidwa. Amene anali nazo nzeru anagulitsa ng'ombe zawo msanga. Ya Modesta panalibe woifuna, ndipo ndi imene inkaphunzitsa mwana wake Tawonga ku sekondale.

Mlangizi wa ziweto, a Bizwick, anabwera pa njinga yamoto. Anaionerera ikudya, kenaka anagunditsa khutu kumimba kwake, mbali ya kumanzere. Anakhalitsa pamenepo.

"Ng'ombe yoti yadya, m'mimba mumagunda ngati mvula ili kutali," anatero. "Umu muli zii, mayi."

"Nanga chakudya chonsechi chikupita kuti?"

A Bizwick anangosiya mankhwala a njoka zam'mimba, tiyi anamukana, ndipo sanabwerenso.

Modesta anali wotopa moti analibe mphamvu zoopera. M'mawa kudambo kukamweta, masana kutunga madzi a ng'ombe, madzulo kuduladula. Chomutonthoza chinali chimodzi, mwamuna wake Levison. Chaka chatha bamboyu, mkulu wa mpingo, anatsala pang'ono kufa. Mimba yake inkakana chilichonse, ngakhale phala, ndipo achipatala anagwa naye mphwayi. Kenaka anapita ulendo kumalire, kwa munthu amene sanamutchule dzina, n'kubwerako akuyenda yekha. Chibwerereni sankadya pakhomo, ankangoti wakhuta, koma masaya ankadzaza. Modesta anathokoza Mulungu pamaso pa mpingo. Mafunso amafuna munthu wopuma, ndipo iye sankapuma.

Tsiku lina madeya anatha. Pofuna kuti ng'ombe isagone ndi udzu wokha, Modesta anakapempha masese kwa mayi wina wofulula mowa, n'kuithirira chidebe chonse. Inamaliza, n'kuimanso monga mwa masiku onse, osadzandira ngakhale pang'ono.

Pobwerera kunyumba kukuchita chisisira, anamva kukukuta kuja. Kunkachokera pakhonde pake. Levison anali atakhala pampando, maso ali tuu, nsagwada zikuyenda cham'mbali pang'onopang'ono. M'mimba mwake munagunda ngati mvula ili kutali. Anageya, ndipo fungo la masese linadzaza khonde lonse, munthu woti sanalawepo mowa chibadwire. Dovu lobiriwira linatsikira pa kolala ya malaya.

"Bambo a Tawonga, mukutafuna chiyani?"

"Palibe."

"Tatsegulani pakamwa."

Levison anameza. Anapukuta chibwano ndi dzanja, n'kuyankhula ndi lilime lolemera la munthu woledzera.

"Mukanakonda mukanandiika m'manda chaka chatha, mayi a Tawonga?"

"Ya a Gabriel ija ndinu, eti? Ya mayi a Bridget?"

"Mimba yanga inafa kale. Kumalire kuja anandiuza kuti ndizibwereka."

"Nanga iyi ikafa? M'mudzi muno simunatsale ina."

Bamboyo anamuyang'ana nthawi yaitali, mwachisoni ndithu, kenaka nsagwada zinayambanso kuyenda.

Modesta anafuna kukuwa kuti mudzi wonse umve. Akanati chiyani, kuti mfiti imene yatha makola ndi mwamuna amene ankamusambitsa ali gone? Anakhala pansi n'kulira mopanda phokoso. M'mawa mwake anatenga chikwakwa n'kupita kudambo, ndipo anamweta mitolo iwiri m'malo mwa umodzi. Tsopano ankadziwa kuti malinga ng'ombeyo ili moyo, iye ndi mwana wake ali pabwino.

Inapirira mpaka mvula yoyamba. Anaipeza itagwa pafupi ndi modyera, nsenjere zili kukamwa.

Madzulo ake, anthu atamaliza kuikwirira, Modesta anaphika mbatata. Anali asanadye kanthu tsiku lonse. Anadya mbale yoyamba, anawonjezera yachiwiri, anapala ndi za mumphika zomwe, koma njala inali pomwepo ngati sanaike kanthu kukamwa. Anagwira pamimba pake. Munali zii.

Panja, pakhonde, Levison anageya. Fungo limene linalowa pakhomo linali la mbatata.