Injiniya ndi Makiyi

Tsiku limene anakumana ndi Makiyi, Injiniya anali atakhalira bokosi la zida zake pakhonde la kampani ina ya malole, akudikira munthu woti amutsegulire kachipinda ka seva, kompyuta yaikulu yotumikira makompyuta ena onse. Maola awiri athunthu! Nsapato zinkamuthina, msana ukuwawa, m'mimba muli tiyi wam'mawa yekha.

Dzina loti Injiniya anamupatsa ndi ana a achemwali ake, amene ankakhala nawo nyumba imodzi, ndipo linamukakamira mpaka kuntchito. Zaka zisanu ndi chimodzi akukwawa pansi pa matebulo a eni, kukoka mawaya, kulumikiza makompyuta. Anali atatopa nazo, koma ntchito ina akanaipeza kuti?

Kenako kunamveka kulira kwa zitsulo. Anatulukira mwamuna wamtali, malaya ositidwa bwino, mulu wa makiyi ukulendewera pa lamba.

"Pepani mayi, madalaivala anandigwira kugeti. Kuno amanditchula kuti Makiyi. Koma akanandiuza kuti injiniya wake ndi wokongola chonchi, ndikanathyola chitseko m'mawa momwe!"

"Ingotsegulani bambo, nthawi yatha."

Ntchito yake inali yoika seva ya mayina, ija anzake amangoti DNS, kenako kuzungulira makompyuta makumi anayi a pakampanipo, iliyonse kuilembera nambala ya sevayo. Makiyi sanachoke. Anatsamira chitseko, manja m'thumba.

"Tandiuzani, chimenechi ntchito yake n'chiyani?"

"Kompyuta simva mayina, imamva manambala," anayankha osatembenuka. "Mukalemba dzina la tsamba, kompyuta yanu imafunsa seva iyi kuti dzinalo lili pa nambala iti. Seva ikapanda kuyankha, palibe chotseguka."

"Ndiye inenso ndikafuna nambala yanu ya foni ndifunse seva yomweyi?"

Injiniya anaseka, nadzidabwa yekha. Anali ataiwala kuti kuseka kwake kumamveka bwanji.

Ntchitoyo inatenga masabata awiri. Makiyi ankamunyamulira bokosi, kumupezera mpando, kuthamangitsa makalaliki amene ankabwera kudzakalipa kuti zinthu sizikutseguka. Tsiku lina seva inangoti duu kuyambira m'mawa mpaka masana, chifukwa cha kadontho kamodzi kamene Injiniya anaiwala kumapeto kwa dzina lina. Atakapeza, misozi inalengeza m'maso. Makiyi anamuika botolo la madzi ozizira m'manja.

"Tapuma kaye, mtima wanga. Ndani amakusamala iwe?"

Funso limenelo panalibe amene anamufunsapo. Nambala ya foni anapereka tsiku lomwelo.

Mauthenga anayamba kugwa ngati mvula.

"Wadzuka bwanji shuga wanga? Ndalota ukundimanga mtima ndi sikuludalaivala."

"Ndikadzakukwatira sudzakwawanso pansi pa tebulo la munthu."

"Ine ndi iwe mpaka imvi, mpaka mano onse atagwa!"

Ankawawerenga m'basi, ataimirira, bokosi lili pakati pa miyendo, ndipo ulendo unkafupika.

Achemwali ake okha ndi amene sankamwetulira nawo.

"Amakhala kuti munthu wakoyo? Unapondako?"

"Akukhala ndi mayi ake, achemwali. Amadwaladwala, safuna alendo."

"Nanga Lamlungu foni yake imazimiranji?"

"Amakhala ali kutchalitchi."

"Tsiku lonse? Ndi m'busa?"

Alamu ake anaseka mpaka kutsamwa. Injiniya anakwiya, koma mawuwo anamulowa. Anamupanikiza Makiyi miyezi iwiri, mpaka anavomera kuti abwera Lamlungu kudzaonekera kwa achemwali ndi alamu.

"Ndibwera nditavala suti, maso anga. Aone okha kuti ine si wamasewera."

Achemwali anafewa. Anachapa makatani, nabwereka mipando inayi kwa oyandikana nawo.

Loweruka Injiniya anali yekha pakauntala kuntchito kwawo, akuwerenga maola oti aweruke. Chakumasana kunalowa mayi wina woyembekezera, thukuta lili kamukamu, mapazi otupa, atakumbatira laputopu pachifuwa.

"Ndithandizeni achemwali, ndatopa. Ndikufuna nditumize makalata ofunsira ntchito, koma laputopuyi kunyumba ikukana kutsegula chilichonse. Ndaona kapepala ka ofesi yanu kamene munamata kunsi kwake, ndiye ndangoti ndibwere konkuno."

"Khalani apa mayi, mupumitse miyendo."

Anaiyatsa, napita pamene amalemba seva ya mayina. Nambala imene inali pamenepo anaidziwa ngati tsiku lake lobadwa. Inali ya seva ya kukampani ya malole ija, imene imangoyankha makompyuta a m'kati mwa kampanimo. N'chifukwa chake kunyumba inkakana.

Anayang'ana dzina la kompyutayo. Analilemba yekha dzinalo, ndi zala zake, mwiniwake ataimirira kumbuyo kwake akumuseweretsa tsitsi: makiyi.



"Laputopuyi ndi ya ndani, mayi?"

"Ya bambo akunyumba. Aka n'koyamba kubwera nayo, nthawi zonse imagona kuofesi. Ndikanawafunsa iwowo, koma alawira kukagula taye. Akuti mawa ali ndi msonkhano waukulu wa kuntchito, atuluka m'mawa." Mayiyo anapumira m'mwamba, akusisita mimba. "Kampani imeneyo idzandiphera mwamuna. Ngakhale Lamlungu, tsiku limodzi lokhalo limene timakhalira limodzi!"

Injiniya anagwira m'mphepete mwa kauntala. Anene? Ayambire pati? Anayang'ana mapazi otupa aja, mphete itamira m'chala, nsapato zopondedwa kumbuyo. Mayi ameneyu analakwa chiyani?

"Mwakhala nawo zaka zingati?"

"Zisanu. Uyu ndi wachiwiri."

Anafufuta nambala ija, naiuza kompyutayo kuti izidzipezera yokha seva kulikonse kumene yalumikizidwa. Ntchito ya mphindi ziwiri. Tsamba linatseguka.

"Eee, manja anuwa ndi odala! Bambo akamva asangalala."

"Muyende bwino, mayi. Mukwere basi, musayende pansi."

Mayiyo asanafike n'komwe pamsewu, foni inanjenjemera pakauntala.

"Shuga wanga, taye yofiira kapena yabuluu? Mawa ndikufuna alamu agwe nane!"

Injiniya anauwerenga uthengawo. Sanalire. Mphamvu zolirira analibe. Analemba pang'onopang'ono:

"Laputopu yanu ndakonza, bambo. Mayi akunyumba ainyamula. Mapazi awo atupa, muziwathandiza ntchito."

Foni inayamba kuitana. Kamodzi, kawiri, kasanu. Kenako mauthenga.

"Yankha ndikufotokozere."

"Tinasiyana kalekale mumtima, timangokhalira mwana."

"Iwe ndiwe moyo wanga, usandiphe chonde!"

Anaizimitsa, naiponya m'bokosi pamodzi ndi mawaya.

Atafika kunyumba dzuwa likupendeka, anapeza achemwali akusita makatani pabalaza, mipando yobwereka ija itandandalikidwa kukhoma, alamu ali pamwamba pa tebulo akupukuta babu.

"Wabwera bwino, tagwira uku tipinde. Munthu wako amadya nyama ya nkhumba? Alamu ako akufuna akagule m'mawa."

"Sabwera, achemwali."

"Wadwala?"

"Ali ndi mkazi. Ndamuona ndi maso angawa. Ndi woyembekezera."

Alamu anatsika pa tebulo mwakachetechete. Injiniya anadikira mawu aja oti ndinkakuuza ine. Anaweramitsa mutu kuti awalandire.

Achemwali anazula simbi pamagetsi, naiimika. Anabwera, namuvula chikwama paphewa, namukhazika pa umodzi mwa mipando ija. Kenako anagwada, nayamba kumumasula zingwe za nsapato.

"Bambo a ana," anatero osadzutsa mutu, "mipando itatuyo kabwezeni. Uwu ubwezedwa mawa, mng'ono wanga akhalepo kaye."

Apo m'pamene Injiniya analira.