Pampu ya Malemu Mitwalli

Linali Lolemba madzulo. Ndinali patiyirumu ya Zaki pafupi ndi doko, ndikusewera madomino ndi mng'ono wanga Shehata. Anali atandigonjetsa kawiri, ndipo ine kugonja sindikudziwa bwino. Apa m'pamene Rayisi Bayoumi, mwini boti amenenso amaliyendetsa yekha panyanja, analowa, osapereka ndi moni womwe, n'kukhazika chitini cha madzi akuda patebulo pathu.

"Imwa, Usita Sobhi," anatero. "Ndawatunga m'boti langa. Pampu yako ija yandisungira ambiri."

Anthu anaseka. Ine magazi anawira. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndakhala ndikumanga zamagetsi m'maboti a kwathu ku Ezbet el-Borg mpaka kutchedwa Usita, mmisiri wamkulu, ndipo palibe anali atandichitapo chipongwe chotere pagulu.

"Pampu ija ndi yatsopano, Rayisi," ndinatero. "Mwina chokalamba ndi boti lanulo."

"Lakalamba koma silinamirepo. Lachinayi m'mamawa tikunyamuka, masiku khumi ndi awiri panyanja. Likapezeka ndi madzi, doko lonse lidziwa kuti manja ako atha ntchito."

Atatuluka, Shehata anayamba kusonkhanitsa madomino osandiyang'ana. Iye anali mmodzi mwa anthu asanu ndi anayi okwera botilo.

Boti la Bayoumi ndi lamatabwa, ndipo boti lamatabwa limalowa madzi ngakhale ulisamale chotani. Kwa zaka makumi atatu madziwo ankawapopa ndi Amm Mitwalli, malume wa aliyense padoko, pa pampu yachitsulo ya mkono wautali ngati wa mjigo. Ntchito ina analibe. Anali nkhalamba yokwiyakwiya, ndipo munthu ukangokhudza mkono wa pampuyo ankakutukwanira makolo ako. Anamwalira pabedi pake ndi chifuwa.

Kwathu kuno mwana aliyense amadziwa kuti chida cha munthu wakufa sichichotsedwa m'boti arubaini isanakwane. Masiku makumi anayi, osachepera. Bayoumi sanadikire. Tsiku lachisanu ndi chinayi anapita kwa mmisiri mnzanga Usita Hilmi kuti amuikire pampu yamagetsi, Hilmi n'kukana. Ndiye anabwera kwa ine. Ndinene zoona, ndinavomera chifukwa Hilmi anakana. Ndinkafuna anthu aone kuti mmisiri weniweni saopa nthano za amayi.

Pampu yakaleyo ndinaimasula n'kukaiponya kuseri kwa shopu yanga, pamulu wa zitsulo. Yatsopanoyo ndinaiika pamalo otsikitsitsa, pansi pa injini, ndi sefa yake. Payipi ndinaikweza m'mwamba kuti nyanja isabwerere nayo. Pambali pake ndinamanga choyandama, kachipangizo kamene madzi akakwera kamakwera nawo n'kuyatsa pampu popanda munthu. Ndinathira ndowa khumi, pampu n'kulavula zonse kunja. Inali ntchito yoti ngakhale mdani wanga akanaiyamikira.

Lachiwiri ndinalowa m'botimo dzuwa likutuluka. Madzi anali atafika m'mathabwa opondapo. Ndinayamba ndi fyuzi, inali bwino. Batire linali lodzaza. Ndinamasula sefa poganiza kuti mamba a nsomba aitseka, ndinangopezamo ochepa. Ndinauzira m'payipi, mpweya n'kutulukira kunja. Mawaya ndinawatsata limodzi limodzi. Kenako ndinanyamula choyandama ndi chala, pampu inadzuka nthawi yomweyo n'kuumitsa boti lonse. Komabe ndinasintha choyandamacho, ndinaikapo china chatsopano.

Lachitatu m'mawa madzi anali pomwe paja. Batire linali lodzaza ndithu. Izi ndi zimene zinandisowetsa mtendere, chifukwa batire lodzaza limatanthauza kuti pampu sinayende n'kamodzi komwe usiku wonse.

Bayoumi anaima pamwamba, akuyang'ana pansi pomwe ndinagwada.

"Ukupemphera kapena ukukonza?"

"Pali munthu akuseweretsa pampuyi usiku."

"Eya, ndi amphaka a padoko. Aphunzira zamagetsi kukuposa."

Masana amenewo anakweza ayezi, mafuta ndi matumba a buledi. Shehata anandidutsa atasenza ukonde. "Achimwene, tikwere kapena tisakwere?" anafunsa motsitsa mawu. Ndinamuuza kuti mawa ndimuyankha. Ndinali nditaganiza kale zogona m'botimo, ndimugwire ndi manja anga wochita zimenezi. Sindinauze aliyense, ngakhale mlonda wa padoko, poti naye ndinkamukayikira.

Ndinatsikira m'chipinda cha injini anthu atachoka kumapemphero omaliza. Ndinakhala pabokosi la nsomba, tochi m'manja, sipanala pamwendo. Kunkazizira. Maboti ankakhulana ndi matayala a padoko. Kutali galu ankauwa, kenako anasiya.

Ola lililonse ndinkaunika pansi. Madzi ankabwera pang'onopang'ono monga mwa nthawi zonse. Anaphimba sefa. Anafika pa choyandama. Ndinadikira kumva pampu.

Palibe.

Ndinaunikanso. Madzi anali ataphimba choyandama, icho chili pansi, chosagwedezeka. Chinthu chopepuka choti mwana akhoza kuchiuzira. Ndinagwada, ndinapinda malaya, n'kulowetsa dzanja m'madzi kuti ndichinyamule. Chinakana. Ndinakoka ndi manja awiri. Chinakana ndithu.

Ndinapapasa pamwamba pake kuti ndimve chimene chachipana. Chala changa chinagunda chinthu chozizira, chofewa pang'ono. Ndinapapasabe. Chala chachikulu chaphazi, chikhadabo chake chokhuthala. Zala zina zinayi. Chidendene chong'alukang'aluka.

Ndinaunika ndi tochi. M'madzimo munali dzanja langa lokha.

Ndinabwerera chammbuyo mpaka msana unagunda injini. Kenako fungo linandipeza, la mafuta a kamfa aja Amm Mitwalli ankadzola m'mapewa. Aliyense amene anakhalapo naye pafupi amalidziwa.

Kumanzere kwanga, pomwe panali pampu yakale, panatsala mabowo anayi a mabawuti. Pamenepo panayamba kumveka chikhatho chikupapasa thabwa. Pha. Pha. Chinapita m'mwamba, chinatsika, chinabwerera pamabowo. Munthu wofunafuna chinthu mumdima, pamalo amene amadziwa kuti anachisiya. Kupuma kwake kunkamveka, kolira m'chifuwa.

"Amm Mitwalli," ndinatero. "Ndine Sobhi. Mng'ono wanga akwera boti lino mawa. Chotsani phazi."

Kupapasa kunasiya.

Kenako kunayambiranso, koma tsopano kukubwera kwa ine. Pathabwa. Pabokosi la nsomba. Pa sipanala yanga, imene inagwera m'madzi. Chikhatho chonyowa chinafika pabondo langa, chinakwera, chinagwira dzanja langa lamanja n'kulitembenuza ngati chikuona zimene ndabisamo. Chinafinya mpaka mafupa analira.

Mmene ndinakwerera makwerero sindikumbuka. Ndinazindikira ndili padoko, ndikusanza. Ndinkafuna kuthawira kwathu n'kudzifunditsa bulangeti. Koma ndinaganiza za Shehata ali pakati pa nyanja, madzi akukwera, phazi lija lili pa choyandama. Ndinachita mantha ndi kubwererako, koma mantha a za Shehata anali aakulu kuposa.

Ndinapita kushopu. Ndinafukula pampu yakale pamulu wa zitsulo, ndinaikweza pawilibala ndi mabawuti ake, n'kudutsa nayo msewu wakuseri kwa fakitale ya ayezi. Inkalemera kuposa tsiku limene ndinaichotsa.

M'boti madzi anali atafika m'miyendo. Fungo la kamfa linali ponseponse. Sindinayang'ane kumbali. Tochi ndinailuma ndi mano, ndinaimika pampu pamabowo ake, ndinamanga bawuti yoyamba, yachiwiri. Kupuma kuja kunali pakhosi panga penipeni. Chikopa cha mkati mwa pampu chinali chitauma, ndinachinyowetsa ndi mafuta. Ndinalumikiza payipi yake. Kumzikiti anayamba kuitanira mapemphero a m'bandakucha ine ndili pa bawuti yachinayi.

Nditangoilimbitsa, kumbuyo kwanga kunamveka kaphokoso. Choyandama chinatumphukira pamwamba pa madzi, pampu yanga n'kuyamba kulira. Mkono wachitsulo uja, umene ndinausiya uli pansi, unakwera pang'onopang'ono mpaka m'mwamba n'kuima.

Apo kuwala kunandigwera kuchokera pamwamba.

"Si uyu," anatero Bayoumi. "Mphaka uja tamupeza."

Anali ndi mlonda ndi anthu ake onse, matumba a zovala paphewa. Anandikoka ndi kolala mpaka panja. Ndinali wonyowa mpaka m'chiuno, manja ali mafuta okhaokha, m'boti la mwini wake usiku popanda chilolezo, madzi ali tho.

"Ndiye wakhala ukumiza boti langa ndiwe. Masana ukonza, usiku utsegula."

"Rayisi, mverani kaye. Munachotsa pampu arubaini isanakwane. Mwini wake ali m'munsimo. Ndamugwira phazi ndi dzanja ili."

"Wachotsa ndani? Ndi manja anga kapena ako?" Anandiwomba khofi. "Ntchito yakukanika, tsopano ukunamizira akufa. Chidakwa chimaposa iwe."

Mlonda anandilavulira pamapazi. Anthu a m'maboti ena anali atayamba kusonkhana, ena akuseka, ena akutukwana. Ndinafunafuna nkhope ya Shehata. Ndinaipeza kumbuyo kwa anzake, ikuyang'ana zingwe.

"Tsikani mukachotse chitsulocho muchiponye m'nyanja," Bayoumi analamula.

Palibe anasuntha. Analamulanso, akutchula mayina. Amuna asanu ndi anayi anangoyang'ana pansi. Iye mwini anafika pakhomo la chipinda cha injini, anasuzumira, anaima pamenepo kanthawi. Kenako anati ayezi akusungunuka, amasule zingwe.

Masiku khumi ndi awiri amenewo palibe analowa m'shopu mwanga. Amene ndinali nditayamba kuwakonzera maboti anatumiza anthu kudzatenga zipangizo zawo n'kupita nazo kwa Hilmi. Sabata yoyamba kunawomba mphepo yoopsa, ndipo ndinatha masiku awiri osatseka maso.

Boti linabwera Lachiwiri masana, anthu onse ali moyo. Madzulo ake Shehata analowa m'shopu kudzera khomo lakuseri. Anali ataonda. Anakana tiyi.

"Usiku wa mphepo uja funde linalowa m'chipinda cha injini," anatero. "Mabatire anamira. Magetsi onse anazima, ndi pampu yanu yomwe. Tonse tinali pamwamba, tikulimbana ndi ukonde. Koma payipi yakale ija inkalavula madzi. Kulavula, kupuma, kulavula, mpaka kunacha."

"Ankapopa ndani?"

"Ndinawerenga anthu kawiri, achimwene. Tonse tinali pamwamba. Rayisi nayenso anawerenga, ndinamuona."

"Ndiye ukanene zimenezi padoko. Mawa, pamaso pa anthu."

Anapukusa mutu. "Rayisi wati aliyense wotsegula pakamwa asadzapondenso m'boti lake. Ndipo ndani angakwere boti limene akufa amapopa? Likaima, tonse tikhala pansi. Ndili ndi ana anayi."

"Ukanakhala pansi pa nyanja pano."

"Ndikudziwa," anatero. "N'chifukwa chake ndabwera."

Anatulukira komwe analowera.

Mpaka lero padoko amanena mokweza kuti Usita Sobhi ankamiza maboti usiku. Zinazo amanong'ona, ndipo ndikayandikira amasintha nkhani. Pampu yachitsuloyo ikadali m'boti la Bayoumi, arubaini inapita kalekale koma palibe waikhudza. Ine tsopano ndimakonza mafani ndi mafiriji kumsika, kutali ndi madzi. Shehata ali moyo, ana ake akudya. Tikakumana pamsewu pali anthu, amawolokera tsidya lina.