Chigoba cha Dieufort

Mvula inayamba m'mawa, ndipo masana inali isanakate. Dieufort anakhala pakhonde akunola chikwanje chomwe chinali chakuthwa kale. Maso ake anali panjira yochokera kumtsinje. Mwana wake Wideline, wa zaka khumi ndi zisanu, ankabwera kuchokera kusukulu 2 koloko. Tsopano inali 4.

Sukulu inali kutsidya. Mtsinje ukadzaza, anyamata a njinga zamoto ankadikira pagombe, kuti azungulire ndi ana kumlatho wakumtunda. Atsikana ena ankawanyamula ulere. Chaka chapitacho atatu anasiya sukulu ali ndi pakati, ndipo mmodzi anapezeka ndi kachilombo ka HIV.

Nkhani imeneyi ndiyo inabweretsa Madan Sonson pakhomopo sabata lapitalo. Mayiyu ankatsogolera gulu la amayi lomwe linkagawa mankhwala a HIV m'makomo ndi kuphunzitsa atsikana Loweruka. Ndiye anamunyamula Wideline pa ubatizo, choncho iye ndi Dieufort ankatchulana Konpè ndi Makomè.

"Konpè, chigoba chanu chikungodya fumbi pakhomapo," anatero Madan Sonson. "Muziliza m'mawa uliwonse. Atsikana azisonkhana pamtengo wa mango, aziyenda pamodzi ndi mayi mmodzi, popita ndi pobwera."

Chinali chigoba chachikulu cha nkhono ya m'nyanja. Kwa zaka makumi awiri Dieufort ndiye ankaitanira nacho anthu ku dima. Chikalira, palibe ankatsala m'nyumba.

"Chigoba ndi cha dima," anayankha.

"Nanga ili si dima? Kapena dima n'la chimanga chokha?"

"Ayi, Makomè."

"Ayi chiyani? Inu mawu mumasungira ndani, mukadzafa tidzawaike nawo m'bokosi?"

Amayi omwewa ndiwo ankabweretsera mkazi wa Dieufort, Rosemène, mankhwala m'miyezi yake yomaliza. Anabwera mochedwa, chifukwa mwamunayo anawakaniza kwa chaka chathunthu, kuopa pakamwa pa anthu. Dieufort nayenso ankamwa mankhwala omwewo, ndipo ankawabisa m'chitini cha khofi. Ankaona kuti akaliza chigoba m'dzina la gululo, chigwa chonse chidziwa.

Tsopano anaika chikwanje pansi. Anafunda thumba kumutu n'kutsikira kumtsinje.

Madzi anali ofiira, akukokolola mitengo ya nthochi. Pansi pa lona panakhala Elmise, mayi wokazinga nthochi, akukupiza moto womwe unkafuna kuzima.

"Wideline?" anafunsa Dieufort.

"Kaya moni munamusiya kunyumba," anatero Elmise. Koma atamuyang'ana kumaso anasiya nthabwala. "Ndamuona kutsidyako. Anaima nthawi yaitali, akuyang'ana madzi. Kenako wakwera njinga ya Fritznel."

"Nthawi yanji?"

"Mafuta anga anali asanatenthe. Papita maola awiri."

Kuzungulira kumlatho pa njinga kunali theka la ola. Dieufort ankamudziwa Fritznel. Mnyamatayo anali ndi mkazi kutauni, ndi ana awiri m'makomo ena.

Dieufort anayamba kukwera msewu wakumlatho. Anayenda, kenako anathamanga. Matope anam'landa nsapato imodzi ndipo anaisiya. Kutsidya kwa mlatho msewu unkagawikana patatu. Anadzifunsa kuti akafika pamenepo atenga uti, ali yekha. Anaitana dzina la mwana wake, koma mtsinje unameza mawu.

Pokhota pa munda wa nzimbe anaona munthu akubwera akutsimphina, nsapato zili m'manja, mabuku ali m'kati mwa malaya.

"Papa!"

Anamugwira m'mapewa. Anamuyang'ana kumaso, m'manja, m'miyendo. Pakatumba panali chilonda cha moto, chachitali ngati chala.

"Paipi ya njinga," anatero Wideline, mano akugundana. "Titafika pamphambano sanalowere kumlatho. Akuti, 'Tikausepo mvula kwa achimwene anga, iwe kamwana, ukuopa chiyani, ndiluma?' Ndinati nditsitseni. Anangoseka. Atachepetsa liwiro pamatope ndinadumpha."

"Anakugwira?"

"Ayi. Marenn anatiuza kuti njinga ikasiya njira yako, usadikire kuti ufike." Marenn, mayi wake wa ubatizo, anali Madan Sonson. Wideline anayang'ana pansi. "Ndimapita kwa iwo Loweruka, Papa. Ndikamati ndikukachapa."

Dieufort anagwada, mwanayo anakwera kumsana monga ankachitira ali wamng'ono.

Atafika anapeza Madan Sonson ali pakhonde. Elmise anali atamuuza. Mayiyo anatsuka chilondacho ndi madzi owiritsa, osayang'ana Dieufort ngakhale kamodzi.

"Munali angati potuluka m'kalasi?" anafunsa.

"Asanu, Marenn. Aliyense anaona njira yake. Nadège anakwera njinga ina, ya mnzake wa Fritznel. Anali patsogolo pathu." Wideline anadzutsa mutu. "Wafika?"

Manja a Madan Sonson anaima. "Ndadutsa pakhomo pawo posachedwapa. Amayi ake akuti mwina wausa mvula kusukulu."

Nadège anali ndi zaka khumi ndi zitatu. Bambo analibe.

"Misewu ndi itatu, Konpè," anatero Madan Sonson. "Ine miyendo ndili nayo iwiri, ndipo yatha. Kuyenda khomo ndi khomo, kudzada tisanapeze anthu khumi."

Dieufort anayang'ana chitini cha khofi pashelefu. Anayang'ana mwendo wa mwana wake.

"Anthu adzalankhula," anatero.

"Adzalankhula, inde. Ine andinena zaka zisanu ndi zitatu, ndipo ndanenepa."

"Papa," anatero Wideline motsitsa, "chitinicho ndimachidziwa. Ndine ndimachibwezera pamalo mukachiiwala patebulo."

Dieufort anaimirira. Anachotsa chigoba pamsomali, n'kuchipukuta ndi malaya ake onyowa.

"Nanga mawa m'mawa?" anafunsa Madan Sonson.

"Sikisi koloko. Pamango."

Anatuluka, nakwera pachulu cha kuseri kwa khola. Analiza chigoba katatu. Anthu atatuluka ndi zikwanje ndi matumba kumutu, anawagawa m'magulu atatu, ndipo iye anatsogolera gulu lolowera msewu wakutauni.