Dola ya mu Nsapato ya Tupochile

Tupochile ankakhala ku Ellenbrook.
Ankalakalaka kukhala ndi ndalama yakeyake.

Tsiku lina amalume ake, a Luwayo, anabwera kuchokera ku Amerika.
Anamupatsa ndalama yapepala yobiriwira.
"Iyi ndi dola ya ku Amerika," anatero amalume. "Uisunge bwino."

Loweruka Tupochile, amayi ake ndi amalume anapita ku Fremantle pa sitima yapamtunda.
Diresi la Tupochile linalibe thumba.
Anapinda dola ija.
Anaibisa mu nsapato.

Ku Fremantle anayenda.
Anathamanga.
Anadumphadumpha.

Pobwerera, mu sitima, anavula nsapato.
Anatambasula dola yake.
Anawerenga timawu ta Chingelezi.
Panali dzina la Mulungu!

Mtima wake unagunda, gu! gu! gu!
"Mayo ine!" anakuwa. "Amayi, ndawaponda Mulungu!"

Amayi anadzidzimuka. "Wati chiyani?"

"Ndawaponda kumsika! Ndawaponda pamasitepe! Ndawaponda tsiku lonse!"
Misozi inayamba kutsika.

Amayi anayang'ana dola ija.
Anagwira pakamwa.
"Aa! Achimwene, zoonadi! Dzina la Mulungu pa ndalama?"

Amalume anasendera pafupi.
"Mawuwa akuti, Timadalira Mulungu," anatero.

"Analemba ndani?" anafunsa Tupochile.

"Kalekale ku Amerika kunali nkhondo.
Anthu a dziko limodzi ankamenyana okhaokha.
Aliyense anali ndi mantha.
M'busa wina analembera kalata akuluakulu a boma.
Anawapempha kuti asaiwale Mulungu.
Choncho mawuwa anayamba kulembedwa pa ndalama zachitsulo.
Patapita zaka zambiri, anawalembanso pa zapepala."

Tupochile anayang'ananso dola ija.
"Ndiye Mulungu ali m'pepalamu?"

"Tandiuza, Tupo," anatero amalume. "Pa chikwama chako cha kusukulu palembedwa chiyani?"

"Dzina langa."

"Kodi iwe umakhala m'chikwamamo?"

"Ayi."

"Chikwamacho chikagwa, umamva kuwawa?"

Tupochile anaganiza.
Anaganizanso.
"Ayi!" anatero.

Amayi anamupukuta misozi.
Anamukumbatira.

"Komabe ndipepesa," anatero Tupochile.
Anatsinzina.
Anapinda manja.
"Pepani, Mulungu. Sindinadziwe. Komanso nsapato yanga imanunkha."

Amayi anaseka mpaka kugwira nthiti.
Amalume anaseka mpaka kutsokomola.
Tupochile anatsegula diso limodzi.
Kenako nayenso anaseka.