Pakhitchini Pano Sitifunsana Mpingo

Anakumana Loweruka m'mawa pakhomo pa khitchini ya mgwirizano wa mipingo, ndipo mawu oyamba amene Kachipande anamuyankhula mnyamatayo anali omukalipira.

"Inu, galimoto yanuyi mwaimika pakhomo penipeni. Mapotowa tiwadutsitse pamwamba?"

Dalaivala uja anatulutsa mutu pawindo akumwetulira. "Pepani achemwali. Ndinaona munthu wokongola ataima pakhomo, mabuleki anangogwira okha."

Kachipande anatsonya n'kulowa m'kati. Koma akutsuka mpunga anapezeka akuseka yekha, ndipo mavuto ake anayambira pomwepo.

Khitchiniyo inali m'nyumba yakale yosungiramo katundu, kuseri kwa depoti ya mabasi. Mipingo ya mumzindamo, imene kale inkangopikisana kukweza masipika Lamlungu, inali itagwirizana kuti Loweruka lililonse iziphikira pamodzi anthu ogona m'misewu ndi odikirira odwala kuchipatala. Poopa kuti wina anganene kuti mnzake akumubera nkhosa, abusa anaika lamulo. M'khitchini munalibe kuvala yunifomu ya mpingo, munalibe kuitanira munthu kutchalitchi kwanu, munalibenso kufunsana kuti umapemphera kuti. Aliyense ankangovala epuloni yobiriwira basi.

Linali lamulo labwino kwa anthu abwino.

Mtsikanayu ankatchedwa Kachipande chifukwa ndiye ankagawa mpunga, ndipo dzanja lake silinkaumira. Mapoto akakwezedwa kupita kuchipatala, wogawa ankakhala kutsogolo pambali pa dalaivala. Mwezi usanathe "achemwali" anasanduka "iwe", ndipo "iwe" anasanduka "duwa langa".

Tsiku lina akubwerera ndi mapoto opanda kanthu, mnyamatayo anaimika galimoto pansi pa mtengo n'kutsitsa mawu.

"Ndiphwanya lamulo chifukwa cha iwe. Ine ndimapemphera kutchalitchi cha kuseri kwa njanji, kutsidya kwa mzinda uko. Ndakuuza iwe wekha, chifukwa mkazi wanga wam'tsogolo sindingamubisire kanthu."

"Mkazi wanu? Mwandifunsira liti?"

"Ndiye ndikufunsira panopa, wapamtima. Mtima wangawu unali ngati galimoto yopanda batire, iwe ndiye waulizitsa."

Mawu opusa, eti? Koma munthu akagwa m'chikondi, ngakhale batire imamveka ngati nyimbo.

Foni ya Kachipande sinapumenso. "Wadzuka bwanji shuga wanga?" "Ndikaona mpunga ndikuona nkhope yako." "Ndikulonjeza pamaso pa Mulungu, palibe wina, ndipo sipadzakhala wina." Lachiwiri ndi Lachinayi madzulo ankabwera kudzamutenga kushopu kumene ankasoka zovala, n'kumayenda naye pang'onopang'ono mpaka dzuwa kulowa.

Kunyumba ndiye kunali moto. Bambo ake anali mkulu wa mpingo, ndipo mpingo wawo unalowa mu mgwirizanowo iwo akukana.

"Munthu ameneyu mbusa wake ndani?" anafunsa bambowo, atavula magalasi. "Makolo ake ali kuti? Amakhala kuti?"

"Bambo, mukufunsa ngati apolisi."

"Ndikufunsa ngati bambo ako. Kale mnyamata akakufuna tinkangofunsa akulu a mpingo wake, pofika madzulo tamudziwa mpaka agogo ake. Lero mwavala maepuloni nonse, mbuzi ndi nkhosa sizikudziwika."

"Munthu wonyamula mapoto a osauka Loweruka lililonse, osalandira kanthu, mukumutcha mbuzi? Chimene chimakuwawani n'choti si wa mpingo wathu. Mukadakonda ndikwatiwe ndi chidakwa, bola chikhale chovala jekete ya kwathu."

Amayi ake anagwira pakamwa. Bambowo anadzuka n'kutuluka panja, ndipo kwa masabata angapo bambo ndi mwana ankangopatsana moni ngati anthu okumana m'basi. Potsiriza bambowo ananena mawu amodzi okha: "Abwere adzaonekere."

Koma kuonekerako kunkangosuntha. Lero galimoto yafa, mawa amalume adwala, mkuja abwana amutuma. Kachipande atayamba kukwiya, mnyamatayo anamugwira manja onse awiri.

"Tsiku la mapemphero a pamodzi, mgwirizano ukamakwanitsa chaka, ndidzaima pamaso pa bambo ako anthu onse akuona. Ndikapanda kutero usadzandiyankhulenso."

Kachipande anasoka diresi yatsopano. Abusa apampando anamutumanso kukagula mphatso za anthu amene anatumikira molimbika, ndipo ya dalaivala anaisankha mosamala kuposa zonse. Linali bulangete lalikulu, lofewa, la anthu awiri. Polikulunga ankamwetulira, poti ankadziwa amene adzalifunde.

M'mawa wa tsikulo uthenga unalowa. "Duwa langa, malungo andigwetsa. Ndikulephera ngakhale kutukula mutu. Undipepesere kwa bambo."

Kachipande anakhala pabedi, diresi ili m'manja. Anaganiza zoti mapemphero akatha akamuone, amutengere zipatso. Kenako anazindikira kuti sakudziwa kolowera. Miyezi yonseyi ankangotengedwa ndi kubwezedwa, nyumba ya mwamuna wake wam'tsogolo sanaionepo ngakhale denga.

"Mkamwini wathu ali kuti?" anafunsa bambo ake pakhomo pa holo.

"Akudwala."

"Oho."

"Oho" ameneyo anamupweteka kuposa mbama.

Tsiku limeneli lokha ndi limene lamulo la epuloni linapumula. Aliyense anabwera atavala za mpingo wake, ndipo mpingo uliwonse unakhala mbali yake. Kachipande anaima kutsogolo pambali pa tebulo la mphatso, akudabwa kuona amayi amene ankasenda nawo anyezi atavala zoyera, ena zofiira, ena zabuluu.

Mayina anaitanidwa, mphatso zinaperekedwa. Kenako abusa apampando anaseka asanayankhule.

"Tsopano dalaivala wathu. Ameneyu amafuna kuthawa ulemu, akuti wadwala. Koma abusa ake apita okha kunyumba, amupeza akutsuka galimoto ali bwinobwino, amunyamula. Anthu odzichepetsa amatero."

Holo yonse inaseka. Mtima wa Kachipande unadumpha. Wabwera! Anayang'ana kumene kunakhala bambo ake, akufuna kuti aone.

"Abwere kutsogolo," anapitiriza abusawo, "pamodzi ndi mayi akunyumba. Mayi amenewa tiwaombere m'manja kwambiri, chifukwa andiuza kuti amalolera amuna awo kusowa pakhomo Loweruka lililonse, ngakhalenso Lachiwiri ndi Lachinayi madzulo, chifukwa cha ntchito ya Ambuye."

Khitchini sinkatsegulidwa Lachiwiri. Sinkatsegulidwa Lachinayi.

Kachipande anayang'ana mbali ya anthu a kuseri kwa njanji. Sikunadzuke munthu. Mnyamatayo anadzuka chapakati, pagulu la mpingo wa pafupi ndi msika, umene Kachipande ankaudutsa tsiku lililonse popita kushopu. Anali atavala taye, mutu uli pansi. Pambuyo pake panali mayi wamng'ono thupi, atanyamula khanda, akumwetulira mwamanyazi.

Anthu ankaomba m'manja. Kachipande ankangomva magazi akuwira m'makutu. Ndiye kuti "palibe wina" uja ndi ameneyu? Ndiye kuti iye anakalipira bambo ake omubereka chifukwa cha mwamuna wa mwini?

Ananyamula bulangete lija. Mnyamatayo anatambasula manja osamuyang'ana. Kachipande anawalambalala manjawo n'kupereka mphatsoyo kwa mkazi wake.

"Zikomo achemwali," anatero mayiyo. "Mulungu akudalitseni."

Pemphero lotseka lisanathe, Kachipande anatulukira khomo la kumbuyo, kumene kunali mpopi ndi mipando yothyoka. Sanalire. Atamva mapazi kumbuyo kwake sanafunikire kucheuka.

"Duwa langa, ndimvere kaye."

"Ukanditchulanso choncho ndikuswa ndi mpandowu."

Aka kanali koyamba kumutchula kuti iwe.

"Mkazi uja anachita kundikakamiza makolo. Mtima wanga suli kumeneko. Ndimafuna ndikuuze nthawi yabwino ikakwana."

"Khanda lija anakukakamizanso makolo? Malungo aja atha liti? Tchalitchi cha kuseri kwa njanji unasamukako liti?"

"Ndinaopa kukutaya."

"Unaopa kuti ndikafunsa. Unasankha tchalitchi chakutali dala, podziwa kuti m'khitchini palibe angakufunse. Abusa anaika lamulo kuti anjala adye mwamtendere, iwe n'kulisandutsa tchire lobisalamo. Ndinakangana ndi bambo anga chifukwa cha iwe. Ndinawauza mawu amene mwana sauza kholo lake. Ndipo iwe nthawi imeneyo unali kuti? Unali kunyumba ukusewera ndi mwana wako."

Mnyamatayo anayang'ana uku ndi uku. Ataona kuti mawu otsekemera sakugwiranso, nkhope yake inasintha.

"Chabwino, ndalakwa. Koma taganiza bwino usanachite phokoso. Bambo ako akungodikira chifukwa choti mpingo wanu utuluke mu mgwirizano. Akatuluka iwo, ena atsatira. Khitchini itsekedwa. Anthu a kuchipatala aja adya chiyani Loweruka? Ukufuna agone ndi njala chifukwa cha nkhani ya iwe ndi ine? Ingokhala chete, zithere pompano."

Kachipande anamuyang'ana kuyambira kutaye mpaka kunsapato. Bodza lija linamupweteka, koma izi zinamunyansa.

"Poyamba unabisala kuseri kwa epuloni, tsopano ukubisala kuseri kwa anthu anjala. Ulibe manyazi ngakhale pang'ono? Mpunga uja umaphikidwa ndi manja a amayi a mipingo yonse, sunaphikidwepo ndi bodza lako. Ngati mgwirizanowu ungaime pokhapokha ine nditakubisa, ndiye kuti unagwa kalekale. Loweruka ndikagawa ngati kale, ndipo mapoto tikawasenza pamutu ngati dalaivala wina sapezeka."

"Bambo ake mwana, muli kuno?"

Anali mayi uja, khanda kudzanja limodzi, bulangete kudzanja linalo. Ataona Kachipande nkhope yake inawala.

"Ndinu achemwali ogawa mpunga aja, eti? Amakutchulani kawirikawiri kunyumba, akuti mumalimbikira ntchito. Ine nthawi zina ndinkadandaula, makamaka ndili woyembekezera, madzulo ndili ndekhandekha. Koma ndinkati ndingalimbane bwanji ndi ntchito ya Mulungu? Lero ndaona kuti sizinapite pachabe. Mudzabwere kwathu tsiku lina, mudzadye nafe."

Mnyamatayo anagwira mkazi wake pamkono. "Tiye, abusa akutidikira."

"Dikira," anatero Kachipande. "Uwauza wekha, kapena ndiwauze ine?"

Mnyamatayo anasiya mkono wa mkazi wake. Pakamwa paja pamene pankatuluka shuga m'mawa ndi madzulo panangoti yasa. Mayiyo anayang'ana mwamuna wake, kenako Kachipande, ndipo kumwetulira kuja kunayamba kuzima.

Kachipande anakoka mpando umodzi umene unali ndi miyendo yonse, n'kuupukuta ndi m'mphepete mwa diresi yake yatsopano. Kenako anatembenukira kwa mayiyo.

"Mayi, khalani pansi kaye. Mwanayo ndipatseni ndimunyamule ine."