Mphatso Ziwiriziwiri za ku Kuala Lumpur

Faizal Chande anabwera kuchokera ku Kuala Lumpur, likulu la dziko la Malaysia, Lachinayi pa 14 Ogasiti 2025. Anapitako kukaoda mipango ndi mikanjo ya m'sitolo zake, ina ya paboma pa Nkhotakota, ina imene anatsegula ku Dwangwa chaka chatha. Anakhalako masiku owerengeka, koma nkhani zimene anabwera nazo zinali zodzaza bwato.

M'mawa mwake, anthu atatuluka kumzikiti ku mapemphero a Juma, abale anadzaza pakhonde. Zahra, mkazi wake, ankagawa tiyi.

"Kuli nyumba ziwiri zamapasa, kutalika kwake chisoti chinandigwa poyang'ana kumwamba," anatero Faizal. "Pakati pake anamangapo mlatho, m'mwamba momwemo. Ukasuzumira pansi, galimoto zimaoneka ngati nyerere."

"Nanga unkadya chiyani?" anafunsa mayi ake, a Zulfa. "Wawondatu iwe."

"Kuwonda kwake kuti, amayi! Kumeneko chakudya cha halali chili ponseponse. M'mawa amadya mpunga wophikira kokonati, wokulunga m'tsamba la nthochi. Pambali pake dzira, mtedza wokazinga, tsabola, ndi tinsomba touma. Nditalawa ndinati, aa, koma uyu si usipa uyu?"

"Ndiye alamu munakwerera ndege usipa?" anatero Amiri, mchimwene wake wa Zahra. Khonde lonse linafa nacho chiseko.

"Kuli chipatso chinanso chaminga, amati duriani. Fungo lake ngati ngalande ya kumsika, koma ukangolawa sufuna kusiya."

Zahra yekha sanaseke. M'mawa wa tsikulo, potulutsa zovala zoti achape, anapeza mphatso m'kachikwama kakang'ono ka mwamuna wake. Munali nsalu ziwiri zobiriwira za maluwa agolide, zofanana ndendende, mabotolo awiri a mafuta onunkhira, ndi mapeyala awiri a nsapato za mtundu umodzi. Peyala imodzi inamukwana. Inayo inali yaing'ono, chidendene chinatsalira panja.

Zahra anakulira pamitala. Bambo ake anali ndi akazi awiri, ndipo sankagulira mmodzi ngakhale singano osagulirako winayo, poopa kuti Allah adzawafunsa za chilungamo. Iye ankadziwa kuti mwamuna wogulira mayi ake amasankha nsalu ina, ya mtundu wodekha. Wogula zofanana ndi uja amene akuopa kuti azimayi awiri adzafananitsa. Komatu pa nikaha yawo, tsiku lomanga ukwati, pamaso pa ankhoswe, Faizal analonjeza kuti sadzatenga mkazi wina mobisa.

Alendo atabalalika, Zahra anamutsatira kuchipinda.

"Bambo a Sufiyani, zikomo chifukwa cha mphatso. Nanga zinazi n'zayani?"

"N'za amayi."

"Amayi avale nsapato zazitali kuchidendene?"

"Mayi a Sufiyani, ndangofika kumene. Ukundilandira ndi mlandu?" Anatuluka, n'kumenyetsa chitseko mpaka kalendala inagwa pakhoma.

Pofika Loweruka, mphatso zinazo munalibe m'chikwama.

Lamulungu Zahra anapeta mpunga, n'kupita nawo kwa apongozi ake. Anagwada, anapereka moni, ndipo maso ake anagwera pa mapazi a a Zulfa, otupa monga mwa masiku onse, ali m'mapatapata.

"Amayi, ndimati ndione mmene nsapato zija zakukhalirani."

"Nsapato ziti?" A Zulfa anaphethira. "Oo, zija! Zili m'sutikesi. Kiyi ndi amene wasowa."

"Nanga nsalu?"

"Mwana wanga, mkazi wanzeru sapisa dzanja m'chikwama cha mwamuna. Ndipo chipembedzo chathu chimalola mpaka anayi, iwe ukudziwa."

"Wanena za anayi ndani, amayi? Ine ndafunsa nsapato."

A Zulfa anayamba kutola timiyala mumpunga umene unali wopeta kale. Zahra anatsanzika. Misozi inamutsika ali panjira, koma sanaipukute mpaka anafika kwa Amiri.

Anakumana Lolemba masana m'nyumba ya Faizal: Amiri ngati nkhoswe ya mlongo wake, a Zulfa kumbali ya mwana wawo. Zahra anaika nsalu yake, botolo ndi nsapato pamphasa.

"Alamu," anayamba Amiri, "ife sitikukana mitala. Bambo athu anali nayo, ndipo anaiyendetsa poyera. Funso ndi limodzi. Zinzake za izi zili kuti?"

"Ndanena kale kuti n'za amayi."

"Amayi ndi awa ali apawa. Atumidwe mwana akatenge sutikesi, loko tithyola."

A Zulfa anayang'ana pansi. Faizal anadzuka, anakhalanso.

"Chabwino, ndinazigulitsa. Kasitomala anazikonda."

"Ku Dwangwa?" anafunsa Zahra. "Kumene mumagona Lachiwiri lililonse, ati kuwerenga katundu? Kumene kuli Ummy?"

"Ummy ndi wantchito! Amagulitsa m'sitolo basi. Iwe nsanje idzakupha."

"Nsanje ndilibe, bambo a Sufiyani. Mukanandiuza, ndikanalira, kenako n'kukamuphikira phwando. Chondipweteka n'choti tauni yonse ingakhale ikudziwa, ine n'kumagawa tiyi ngati chitsiru."

Analowa kuchipinda, nabwera ndi Msahafu, Buku Loyera la Kurani, wokulunga m'nsalu yoyera. Anauika pa kampando patsogolo pa mwamuna wake.

"Ikani dzanja apa. Nenani kuti mulibe mkazi wina, ndipo ine ndikugwadirani pamaso pa amayi n'kupepesa."

Faizal anatambasula dzanja, n'kulibweza.

"Sindingagwire Msahafu. Ndilibe udhu, sindinadziyeretse."

"Zoona," anatero a Zulfa mofulumira. "Tsiku lina, ana anga. Zinthu izi sathamangira."

Zahra anapita kumtsuko, anadzaza birika, n'kugwada pomupatsa ndi manja awiri.

"Madzi ndi awa. Tikudikirani."

Faizal analandira birika n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Onse anamva madzi akuthiridwa pansi, pang'onopang'ono. Kenako kunangoti duu. Amiri anatsokomola. Posakhalitsa njinga yamoto inalira, ndipo phokoso lake linalowera kumsewu waukulu, mbali ya kumpoto.

A Zulfa anagwira kumutu nayamba kulira. "Ndinamuuza mwana ameneyu kuti alankhule nawe. Ndinamuuza!"

"Alankhule chiyani, amayi?"

"Ine si wonena. Akuuze yekha."

Zahra anakulunganso Msahafu nauika pamalo pake. Analongedza zovala zake ndi za Sufiyani, koma nsalu yobiriwira ija anaisiya pamphasa. Apongozi anamugwira mkono pakhomo.

"Usachoke, mwana wanga. Banja ndi kupirira."

"Ndidzabwera tsiku limene adzatsirize udhu wake."

Tsiku lomwelo Amiri anamuperekeza kwa mayi awo ku Kanyenda, ndipo ali komweko mpaka lero. Faizal anaimbapo foni, koma amangofunsa za mwana. Lachisanu lotsatira Amiri anapita ku Dwangwa kukafunsa mashehe amene amamangitsa maukwati kumeneko. Awiri anati dzina la Faizal Chande silinawapezepo. Wachitatu anapita ku Dwambazi kukaona odwala, ndipo sanabwerebe.