Chanza cha Dziwani

Dziwani wa ku Kasina ankaudziwa mpira wa basiketi kuposa wina aliyense m'boma la Dedza, koma anali mphawi wotheratu. Mpirawo anauphunzira kumishoni ali mnyamata, bondo litathyoka anasiya kusewera, n'kumangophunzitsa ana pasukulu ina ngati waganyu. Zinali zaka zija zoti munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi ya chipani, ndipo ngakhale ndalama ya khadiyo Dziwani ankachita kukongola. Nsapato zake zinali zomanga ndi waya. M'nyengo yachisanu mkazi wake Maness ndi mwana wawo Funsani ankafunda ziguduli. Anthu ankamuseka kuti bambo wandevu zake akutaya nthawi ndi mpira wa atsikana.

Chaka chilichonse mayeso akatha, makampani a ku Lilongwe ndi ku Blantyre omwe anali ndi matimu ankabwera paboma kudzasankha anyamata a m'sukulu. Ankasankha mosinthana, kuyambira timu yomwe inathera kumunsi, ndipo wosankhidwa ankapatsidwa ntchito pakampani. Amene ankalimbiranidwa kwambiri anali wogawa mpira, uja amachoka nawo kumbuyo, kuwerenga bwalo lonse, n'kupatsira anzake. Dziwani sankachedwa kumuzindikira wabwino. Ankaona ngati mnyamata akugunda mpira maso ali kutsogolo, ngati dzanja lamanzere likugwira ntchito ngati lamanja, ndiponso ngati akalakwitsa saloza mnzake chala. Osankha aja, ovala masuti, ankamunong'oneza kuti awauze wabwino, akawauza n'kumugulira botolo la zakumwa basi. Iwo ankabwerera pagalimoto, iye wapansi mpaka ku Kasina. Tinene zoona, nsanje inamudya munthuyu.

Tsiku lina m'mawa kuli nkhungu anakwera njira ya ku Chongoni kwa a Petulo, sing'anga amene anthu ankawatchula monong'ona. Anawapeza akuwotha moto pakhonde, ndipo sanamufunse n'komwe dzina.

"Mwabwera kudzafuna diso?" anafunsa a Petulo.

"Diso ndili nalo, agogo. Ndikufuna lizindidyetsa."

"Chimene chimadya si diso, ndi dzanja. Bweretsani lamanjalo."

Dziwani anatambasula dzanja. A Petulo analigwira ngati akuyesa mbuzi pamsika, lumo lili kale pambali.

"Mverani ndisanateme. Chaka chilichonse masewero osankhira akatha, mudzagwira chanza mnyamata amene mtima wanu wanena kuti waposa onse. Sindinati pakamwa, ndati mtima. Zonse za m'manja mwake zidzalowa mwa inu. Mukatero mudzagwira chanza mnyamata wamba amene mwasankhira kampani, zidzatsikira mwa iyeyo. Anthu ena onse apatseni moni mosaopa."

"Nanga woyambayo zimuthera bwanji?"

"Safa. Amangosiya mpira."

"Basi?"

"Inu mukadya nkhuku mumafunsa za anapiye ake?"

Dziwani anafunsanso kuti nanga chaka china akapanda kutero.

"Dzanjali likagona ndi njala lidzadya pakhomo panu, ndipo pakhomo silidzasankha," anatero a Petulo, n'kutema mphini pachikhatho.

Chaka chimenecho Dziwani anapita kwa bwana wa kampani ina ya fodya, yomwe inkasankha pomaliza, n'kumuuza kuti atenge Timoteyo, mnyamata amene aliyense anamulambalala. Masewero atatha anakayamikira mnyamata wa ku Mayani amene anasankhidwa koyamba, n'kumugwira chanza akumwetulira. Chikhatho chinatentha. Kenako anagwira chanza Timoteyo. Sipanapite nthawi, Timoteyo ankagawa mpira mododometsa ku Lilongwe, ndipo kampani inamulemba Dziwani ntchito yosankha osewera.

Abale, chuma chake chinabwera ngati mvula ya mkuntho. Nyumba ya malata, chigayo, lole yonyamula mbatatesi kupita ku Lilongwe. Omwe ankamuseka aja tsopano ankavula zipewa n'kumati "a Dziwani". Makampani ena ankamutumizira mphatso mobisa kuti awatsineko khutu.

Mnyamata wa ku Mayani uja anakumana naye pamsika. Zala zonse za mnyamatayo zinali zitapindikira mkati, ndipo ankagulitsa kabichi akunyamula ndi mikono. Kampani yake inamubweza, khasu silinkagwirika. Iye anamupatsa Dziwani moni mwaulemu, osadziwa kanthu. Chaka chotsatira zinamuonekera wina, kenako winanso. Anthu ankati n'chisanu cha ku Dedza chimene chikuumitsa ana manja. Dziwani anasiya kudzera kumsika. Nyengo yosankha ikamayandikira chikhatho chinkamuyabwa mpaka kuchikanda ndi chitsononkho.

Pakhomo pake analetsa mpira. Tsiku lina atapeza Funsani akugunda mpira kuseri kwa chigayo, anaung'amba ndi mpeni, mwanayo akuona. Kenako anamutumiza kusukulu yogonera konko kuti akalimbike maphunziro. Anaganiza kuti wathana nazo.

Patapita zaka, Maness anamulandira pakhomo nkhope ili mwee.

"Bambo a Funsani, mwana wanu anati ndisakuuzeni, koma ine sindingathe kusunga. Akusewera m'timu ya sukulu yawo, ndiye wogawa mpira. Loweruka lino adzakhala pabwalo pamaso panu."

Dziwani anangokhala pansi pomwepo. Tsiku lotsatira anapita kusukuluko n'kumuuza mwanayo kuti asayerekeze kusewera. Funsani anayang'ana pansi n'kuti, "Ndamva, bambo." Koma Dziwani anaona mmene zala za mnyamatayo zinkasewerera pa ntchafu, ndipo anadziwa kuti adzasewera ndithu, pakuti nayenso pa msinkhu umenewo sankaletseka. Anathamangira ku Chongoni.

"Chotsani mankhwala anu, agogo. Tengani chigayo, tengani lole."

"Ine lole ndipita nayo kuti? Mphini ikalowa yalowa."

"Ndi mwana wanga mmodzi yekhayo."

"Enawo anali ana a mitengo?" A Petulo anakoleza moto pang'onopang'ono. "Wosankha sindine, ndi mtima wanu. Ukanena wina, dzanja lidya winayo. Musamuone akusewera, mwina mtima ukhala chete."

Dziwani anagwira mawu amenewo, osamva bwino liwu lija lakuti mwina.

Loweruka anthu anadzaza pabwalo la simenti. Osankha anakhala pansanja ya matabwa. M'mawa Dziwani anayang'anitsitsa masukulu ena, ndipo anapeza mnyamata wina wamtali wogawa bwino ndithu. Anamuloweza mumtima n'kupumira m'mwamba. Masana, timu ya Funsani isanalowe, anauza anzake kuti maso amuyamba kuwawa ndi fumbi, n'kudzimanga mpango kumaso. Dzanja lamanja analiika m'thumba la jekete.

Koma munthu amene wakhala m'mphepete mwa bwalo moyo wake wonse samva mpira ngati mmene timamvera ife. Wenzulo italira, Dziwani anamva mpira ukugunda pansi mofupika, mofulumira, kulamanja, kulamanzere, kulira kwake kofanana. Anamva ukuima mwadzidzidzi, nsapato za otchinga zikukwekwereza simenti kulowera kolakwika, kenako phaa m'manja mwa mnzake kutali pansi pa dengu logoletsera. Anamva mawu a mwana wake akuitana anzake modekha, ndipo wina ataphonya mpira anamva akuti, "Ndalakwa ndine, tiyeni." Anatseka khutu limodzi ndi dzanja lamanzere. Anayesa kuganiza za mnyamata wamtali uja, nkhope yake osabwera. Thukuta linanyowetsa mpango. Mumtima mwake, mosafuna, munatuluka mawu: wotere sindinakumanepo naye. Nthawi yomweyo chikhatho chinayaka m'thumba muja.

Masewero atatha anaimirira kuti athawe mwanayo asanamupeze. Mpango sanayerekeze kuuchotsa, poopa kuonana naye maso. Anapapasa njira ndi phazi, dzanja lili m'thumba, anthu akumupanikiza uku ndi uku. Pa sitepe yomaliza bondo lakale lija linagwedezeka, ndipo anapepesuka chamutu. Dzanja linatuluka lokha kufuna pogwira.

Wina analigwira mwamphamvu, chikhatho pa chikhatho.

"Pepani bambo, ndakugwirani," anatero Funsani akupuma mwawefuwefu. "Andiuza kuti maso akukuvutani. Tiyeni ndikutsogolereni kugalimoto."

Dziwani anakoka dzanja, koma mnyamatayo anagwiritsa poopa kuti bambo ake angagwe. Anamva moto wonse ukukwera m'mkono mpaka paphewa. Anagwada pafumbi, mpango uli kumaso, n'kulira mokuwa ngati pamaliro, anthu akudabwa.

Funsani anasankhidwa koyamba tsiku limenelo, koma ku Lilongwe sanapiteko. Sabata isanathe anagwetsa kapu ya tiyi, ndipo pakutha pa mwezi mayi ake ndiwo ankamumanga mabatani. Dziwani anamugwira chanza kambirimbiri kuti abweze zimene anatenga, koma sizinabwerere. Ku Chongoni anapeza nyumba ya a Petulo ili bwinja. Anaulula zonse kwa Maness, ndipo Maness anatenga mwana wake n'kubwerera kwawo.

Mutu wa Dziwani unasokonekera chaka chomwecho. Chigayo chinachita dzimbiri, lole anaphwasula akuba. Ankayendayenda pa siteji ya basi paboma, dzanja lamanja atalikulunga nsanza n'kulimangirira pachifuwa, ndipo ankathawa aliyense womutambasulira dzanja. Anthu anamupeza atafa ndi chisanu m'ngalande, palibe wachibale amene anabwera kudzatenga mtembo.

Inu amene mwatopa ndi umphawi, umphawi ndi wowawa, sitikukana. Koma chuma cha mankhwala chimalipiridwa ndi ana a anzanu, ndipo dyera likazolowera kudya ana a eni silidzazindikira wanu. Dziwani anali ndi luso lenileni loti likanamudyetsa pang'onopang'ono. Analephera kudikira, ndipo amene analipira ndi mwana amene anathamangira kudzamugwira kuti asagwe.